Kalavani Yaing'ono Imene Mukuilota: Zoyenera Kuchita Kufikira Tsiku Loikoka

Kalavani ndi ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto, ndipo pali ina yaing'ono imene ukangoiona kamodzi siichokanso m'mutu. Ndi yaifupi moti munthu sangaimiriremo, denga lake n'lozungulira kutsogolo ndipo limatsetsereka mpaka kumbuyo. M'kati muli bedi la anthu awiri ndi timashelefu, basi. Kumbuyo kuli chitseko chotsekukira m'mwamba, ndipo ukachikweza umapeza kakhitchini, chitsekocho n'kusanduka denga lokutchingira dzuwa pophika. Amaitcha teardrop. Inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1930, pamene magazini ankasindikiza mapulani oti munthu akhome yekha pakhomo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, ambiri ankaikuta ndi aluminiyamu wotsala wa ndege zankhondo. Muyezo wake wakale ndi mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 2.4 m'litali, pa chifukwa chosavuta: kumeneko ndiye kukula kwa pulayiwudi mmodzi wosadula.

Ine kalavani imeneyi ndimaikonda kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndikudziwa kuti tilipo ambiri amene tadzaza mafoni ndi zithunzi zake. Chimene ndikufuna tigwirizane n'chakuti ntchito yaikulu imachitika musanagule chilichonse, ndipo yambiri mwa ntchitoyo siilira ndalama. Mukhoza kuiyamba sabata ino.

Choyamba: funsani galimoto imene idzakoke

Ambiri amayamba ndi kusankha mtundu wa penti. Inu yambani ndi buku la galimoto yanu. M'menemo muli manambala atatu amene adzalamulire zonse zotsatira, ndipo muwalembe papepala.

Nambala yoyamba ndi kulemera kumene galimotoyo ingakoke ngati ngoloyo ilibe mabuleki akeake. M'mayiko ambiri malire ake ndi makilogalamu 750, koma galimoto zing'onozing'ono zimapatsidwa malire otsikirapo. Yachiwiri ndi kulemera kumene ingakoke ngati ngoloyo ili ndi mabuleki, ndipo imeneyi imakhala yokwererapo. Yachitatu, imene anthu amaiiwala, ndi kulemera kumene kukuloledwa kutsamira pa kampira kachitsulo ka tow bar, chitsulo chokokera chimene chimamangidwa kumbuyo kwa galimoto. Galimoto ikhoza kukhala ndi mphamvu zokoka kalavani, koma kumbuyo kwake n'kukhala kosatha kusenza mphuno ya kalavaniyo, kutanthauza kutsogolo kwake kumene kumakolekedwa. Zikatero kumbuyo kumakhala pansi, kutsogolo n'kupepuka, ndipo chiwongolero chimayamba kumveka ngati matayala sakugwira bwino msewu.

Ku Britain, mabungwe a eni makalavani amalangiza ongoyamba kumene kuti kalavani yopakira kale isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Si lamulo la boma, ndi uphungu chabe, koma ndi wanzeru. Ngati galimoto yanu imalemera makilogalamu 1,200, ndiye kuti kalavani ndi zonse za m'kati mwake zisapose makilogalamu 1,020, ndipo ngati buku la galimoto latchula nambala yochepa kuposa pamenepo, mverani bukulo.

Funsaninso ku ofesi yoona za pamsewu ya m'dziko lanu ngati laisensi yanu ikukulolani kukoka ngolo, komanso mmene ngolo imalembetsedwera. Malamulo amenewa amasiyana dziko ndi dziko, choncho musadalire zimene mwamva kwa munthu wa kwina. Ngati mulibe galimoto pakali pano, muli ndi mwayi: podzagula, mudzayang'ana manambala atatu aja musanayang'ane mipando.

Chachiwiri: kagoneni kunja musanawononge ndalama

Tengani tepi yomata, mujambule pansi m'chipinda bokosi la mamita 1.2 ndi 2.4. Yalanimo matiresi. Mangani chingwe pamwamba pake, pamtunda wa mita imodzi ndi pang'ono kuchokera pa matiresiwo, chikhale denga. Ndiyeno gonanimo limodzi ndi amene mudzayende naye. Vulani nsapato muli chikhalire, valani thalauzi muli chogona, dzukani pakati pa usiku osamuponda mnzanuyo. Anthu awiri aakulu misinkhu amazindikira msanga kuti mamita 1.2 ndi opanikiza, n'chifukwa chake ma teardrop ambiri a masiku ano amakhala mamita 1.5 m'lifupi. Kusiyana kwa masentimita 30 kumeneko kumaoneka kochepa papepala, koma usiku ndi kumene kumakupatsa tulo.

Kenako bwerekani tenti mupite kumalo ogonera alendo a misasa. Ngati kumene muli kumapezeka makalavani ochita lendi, chitani lendi ngakhale kwa masiku awiri. Nyamulani kabuku, ndipo muzilemba zimene zakusowetsani mtendere. Mvula itagwa tsiku lonse munakhala pati? Usiku mutafuna chimbudzi munatani? Pa katundu yense amene munanyamula, ndi uti amene simunamukhudze n'komwe? Mayankho amenewa ndi amene adzakusankhireni kalavani. Munthu amene mawondo amamuvuta, kapena amene sapirira kuphikira panja mphepo ikuwomba, ayenera kudziwa zimenezi lero, asadzazitulukire atalipira kale.

Chachitatu: sankhani mtundu

Teardrop ndi yopepuka kuposa yonse, siilimbana kwambiri ndi mphepo pamsewu, ndipo munthu mmodzi akhoza kuikankha ndi manja pamalo osalala. Vuto lake mwalimva kale: simuimiriramo, ndipo khitchini ili panja.

Pali ina yopangidwa ndi fiberglass (pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi), yozungulira mbali zonse, imene imaumbidwa magawo awiri n'kulumikizidwa pakati. Boler, imene inayamba kupangidwa ku Winnipeg ku Canada mu 1968, ndi ya mtundu umenewu, chimodzimodzinso Scamp ya ku America. Ubwino wake ndi wakuti ili ndi misoko yochepa yoti madzi alowerepo, ndipo ambiri amatha kuimiriramo. Ku Germany kuli Eriba, imene denga lake limakwezeka mukafika pamalo n'kutsitsidwa poyenda. Ndiye pali Airstream, yonyezimira ija ya aluminiyamu, ya kampani imene anayambitsa Wally Byam m'zaka za m'ma 1930. Ndi yokongola zedi, koma ngakhale zing'onozing'ono zake n'zolemera kwa galimoto wamba, choncho bwererani pa pepala lanu la manambala lija musanaikonde mopitirira.

Kwa anthu awiri okhala ndi galimoto yaing'ono, ine ndingasankhe teardrop ya mamita 1.5, n'kuwonjezera lona womangirira m'mbali woti muzikhala pansi pake. Ngati muli ndi ana, iwo akhoza kugona m'tenti pafupi, kapena yang'anani ya fiberglass ija.

Chachinayi: yezani katundu wanu pa sikelo

Kalavani iliyonse ili ndi manambala awiri: kulemera kwake ili yopanda kanthu, ndi kulemera kumene siiyenera kupitirira ikapakiridwa. Mukachotsera woyamba pa wachiwiri, chotsalacho ndiye katundu amene mukuloledwa kunyamula. Pa kalavani yaing'ono chotsalacho chimatha msanga kuposa mmene mungaganizire. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye zigubu ziwiri za malita 20 ndi makilogalamu 40 kale. Batire lamtovu la 100Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire limasunga) limalemera pakati pa makilogalamu 25 ndi 30. Onjezani botolo la gasi, tayala lapadera, firiji, matiresi, mipando, mapoto ndi zida zokonzera. Tengani sikelo ya m'bafa, muyeze chinthu chimodzichimodzi, mulembe. Samalani ndi nambala ya wogulitsa ya kulemera kopanda kanthu, chifukwa nthawi zina siiphatikiza batire, gasi kapena tayala lapadera. Funsani mwachindunji kuti anayeza zili momwemo kapena ayi.

Chachisanu: ndalama

Tsekulani akaunti yapadera, ndipo muziikamo kenakake mwezi ndi mwezi tsiku lomwe mwalandira, osati zotsala kumapeto. Powerengera zimene mukufuna, musaiwale tow bar ndi mawaya ake a magetsi, kulembetsa, inshuwalansi, matayala atsopano, malo osungira, ndiponso mafuta, popeza galimoto yokoka imamwa kwambiri. Ngongole ya chinthu chongosangalalira sindiilimbikitsa. Chimene ndimalimbikitsa n'kugula pang'onopang'ono zinthu zimene mungayambe kugwiritsa ntchito ndi tenti panopa, monga chitofu, nyali, firiji yaing'ono ndi mipando yopinda. Zidzangosamukira m'kalavani ikadzabwera, ndipo mudzakhala mukudziwa kale kukula kwake pokonza mashelefu.

Chachisanu ndi chimodzi: kugula yogwiritsidwapo kale ntchito

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene maloto ambiri amasweka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa makalavani nyererezo ndi madzi. Penti yatsopano ndi makatani okongola zimabisa matabwa ofumbwa mosavuta.

Pitani kukaiona masana, ndipo mupemphe mwini wake kuti asaitsekule inu musanafike. Mukatsekula chitseko, lowetsani mutu n'kununkhiza. Fungo la chuku silinama. Ngati mwapeza mawindo onse ali pululu ndi fungo la perefyumu, funsani chifukwa chake. Chotsani matiresi, mugwade, mukanikize pansi ndi chikhatho m'makona onse. Thabwa labwino limakana, lovunda limabonyokera m'kati. Yendetsani zala kunsi kwa mawindo, m'mbali mwa chitseko ndi mozungulira kabowo ka mpweya ka padenga. Madontho akuda kapena ofiirira, zomangira za dzimbiri, ndi pulayiwudi wotupa m'mphepete, zonsezi zikunena kuti madzi analowa. Pa teardrop, malo oyamba kudontha ndi pa hinji yaitali ya chitseko cha khitchini, choncho kwezani chitsekocho muunike ndi tochi m'makona a m'munsi mmene madzi amadikha. Pali kachipangizo kakang'ono koyezera chinyezi m'matabwa, ndipo n'koyenera kukagula musanayambe kuyendayenda.

Kenako yalani katoni, mugone chagada pansi pa kalavaniyo. Dzimbiri lapamwamba silowopsa. Chowopsa ndi chitsulo chimene chikusendeka mukachigogoda ndi sikuludiraiva, ndiponso ming'alu pamene anawotcherera, makamaka pamene mkono wokokera ukulumikizana ndi chesesi. Kwezani tayala limodzi ndi jeke, muligwire pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamachita khokhokho, kapena likamalira mukalizunguza, ma bearing, tizitsulo timene wilo limazungulirapo, atha.

Matayala a kalavani amakalamba asanathe mapanga, chifukwa amakhala nthawi yaitali atangoima padzuwa. M'mbali mwa tayala muli zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omaliza amatchula sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Likapitirira zaka zisanu, liikeni kale pa mndandanda wa zogula, ngakhale likuoneka latsopano.

Pomaliza, mapepala. Nambala yodindidwa pa chesesi ifanane ndi ya pamapepala, ndipo dzina la wogulitsa likhale lomwelo. Zikapanda kugwirizana, tsanzikani mwaulemu. Kalavani ina idzapezeka. Ndipo musatumize ndalama ya chikole pa kalavani imene mwangoiona pa chithunzi.

Nanga kukhoma nokha? N'zotheka, ndipo ndi mmene teardrop inayambira. Bokosi la pamwamba munthu wodziwa macheka ndi wodekha akhoza kulipanga. Chesesi ndi ekiselo, zimenezo gulani zopangidwa kale kapena mupatse katswiri wowotcherera, chifukwa pamenepo pagona miyoyo ya anthu ena pamsewu. Musanadule pulayiwudi, jambulani mbali yonse pa katoni yaikulu, muiimike, mukhale pansi pambali pake kuti muone pamene chitseko chiyenera kukhala. Chikhale pamene chiuno chanu chimafika mukagona, kuti muzingokhala tsonga n'kutulutsa miyendo. Mphepete iliyonse ya pulayiwudi imatidwe bwino isanakutidwe, pakuti m'mphepetemo ndi mmene thabwa limamwera madzi. Ndipo fufuzani za kalembetsedwe ka ngolo yopanga nokha musanagule thabwa loyamba.

Chachisanu ndi chiwiri: magetsi, gasi ndi mpweya

Batire la 100Ah pa mavoti 12 limasunga mphamvu yokwana mawatiawa 1,200. Ngati ndi lamtovu, gwiritsani ntchito theka lokha, apo ayi lifa msanga. La lithium la mtundu wa LiFePO4 ndi lopepuka ndipo limalola kuti mulimwe pafupifupi lonse. Nyali za LED ndi kutchaja mafoni sizidya zambiri. Chodya kwambiri ndi firiji, choncho werengerani batire ndi sola potengera firijiyo. Waya aliyense wochoka pa batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batirelo.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: musayatse chitofu, makala kapena chotenthetsera cha gasi m'chipinda chogona. Moto wa m'malo otsekeka umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Ikani alamu yake m'katimo. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndiye akatuluka amatsikira pansi. N'chifukwa chake botolo lake limakhala panja, kapena m'bokosi lokhala ndi mabowo kunsi. Pogona, siyani windo lotsekula pang'ono pamodzi ndi kabowo ka padenga, ngakhale kukuzizira. Anthu awiri akapumira m'kachipinda kotsekeka usiku wonse, m'mawa makoma amakhala ali chonyowa, ndipo chinyezi chimenecho chimalowa m'matabwa.

Chachisanu ndi chitatu: kukongoletsa

Gawo limene munaliyembekezera ndi lalifupi, chifukwa kalavani yaing'ono imakongola ndi zochepa. Mitundu iwiri ya penti ndi yokwanira, ndipo denga likhale lowala kuti lisamwe dzuwa. M'kati, thabwa lopaka vanishi ndi nyali zofiirira pang'ono zimapatsa kachipindako mtendere. Ndalama zimene mukanathera pa zokongoletsa ziikeni pa matiresi abwino ndi neti ya pamawindo. Chilichonse chikhale ndi malo ake otsekeka, chifukwa chimene sichinamangidwe mudzachipeza pansi mukafika.

Chachisanu ndi chinayi: phunzirani kukoka

Yambani ndi kukoleka. Kampira ka tow bar m'mayiko ambiri ndi ka mamilimita 50, koma ku America amagwiritsa ntchito ma inchi, ndipo miyezo yake ndi ingapo. Chokolekera cha pamphuno ya kalavani ndi kampira ziyenera kukhala za muyezo umodzi ndendende. Mukatsitsa chokolekera n'kutseka loko, pukusani kawilo kochirikiza mphuno ya kalavani ngati kuti mukufuna kukweza kalavaniyo. Kumbuyo kwa galimoto kukanyamuka nawo, ndiye kuti zagwirana. Kolekani matcheni kapena kawaya ka buleki yadzidzidzi, lumikizani pulagi, kwezani kawilo kaja mpaka pamwamba, ndipo wina aime kumbuyo akuuzeni ngati nyali za buleki ndi ma indiketa zikuyaka. Chitani zimenezi mu ndondomeko yomweyo nthawi zonse, ndipo wina akakuyankhulitsani pakati, yambiraninso.

Popakira, zolemera zikhale pansi, pamwamba pa ekiselo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Teardrop ili ndi msampha wakewake: khitchini ili kumbuyo, ndipo n'kosavuta kuunjikako madzi, firiji ndi batire. Kumbuyo kukalemera, mphuno imapepuka, ndipo kalavani yopepuka mphuno imayamba kuvina pamsewu. Yezani motere: pamalo osalala, tsekerani matayala, ikani sikelo ya m'bafa pansi pa chokolekera, muimike kathabwa pakati pa ziwirizi kofika msinkhu wa kampira kaja, kenako tsitsani mphuno pang'onopang'ono mpaka itsamire pa kathabwako. Ku Ulaya amalangiza kuti pamphuno pakhale 5 mpaka 7 peresenti ya kulemera konse, pamene ku America amati 10 mpaka 15. Tsatirani zimene wopanga kalavani yanu ananena, osapitirira nambala yachitatu ija ya m'buku la galimoto.

Kalavani ikayamba kugwedezeka uku ndi uku, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero. Chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, liwiro litsike lokha. Mukapeza poima pabwino, imani mukonze kapakiridwe.

Kubwerera m'mbuyo ndi kumene kumatulutsa thukuta, makamaka ndi ngolo yaifupi, chifukwa imakhota msanga kuposa yaitali. Pezani bwalo lopanda anthu, muike zigubu zopanda kanthu ngati zipata. Gwirani chiwongolero kumunsi kwake ndi dzanja limodzi. Kumene mwasunthira dzanjalo ndi kumene kumbuyo kwa kalavani kukulowera. Sunthani pang'ono pokha, yendani pa liwiro la munthu woyenda pansi, ndipo ikayamba kupindika kwambiri, pitani kutsogolo muwongole n'kuyambanso. Amene akukulondolerani aime pamene mukumuona pagalasi, ndipo akangosowa, imani.

Ulendo woyamba ukhale wapafupi, pamsewu umene mukuudziwa, ndipo munyamuke m'mawa kuti mukafike kukuwala. Siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, tengani makona motakasuka, ndipo potsetsereka gwiritsani ntchito giya yotsika kuti mabuleki asatenthe. Mukayenda makilomita pafupifupi 50, imani pamalo otetezeka. Yandikizani dzanja pakati pa wilo lililonse: kufunda pang'ono n'kwabwinobwino, koma kutentha kosagwirika kukutanthauza kuti bearing kapena buleki ili ndi vuto, ndipo musapitirire musanaonetse makaniko. Kungani manati a mawilo ndi sipanala, yang'ananinso chokolekera ndi pulagi, kenako tsekulani khitchini muone zimene zasuntha, muzimange bwino musanapitirize ulendo.